Tube ya ku London: ndakwera malaini onse 11, ndipo si ofanana ayi

Ndakhala ndikukwera Tube pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa chaka ndi miyezi ingapo tsopano, nde munthu akandifunsa kuti kodi sitima za pansi pa nthaka za ku London zija nzabwino kapena ayi, ine ndimayamba ndamufunsa kaye kuti akunena laini iti. Pa mapu zimaoneka ngati chinthu chimodzi, mizere 11 yamitundumitundu yolukana bwinobwino, masiteshoni 272, koma mukalowamo mumazindikira msanga kuti ayi ndithu, izi ndi njanji zosiyana zomwe zinamangidwa nthawi zosiyana, zambiri ndi makampani omwe ankapikisana okhaokha asanaziike pansi pa ulamuliro umodzi mu 1933, ndipo kusiyana kumeneko thupi lanu limakumva mpaka lero. Laini ina mumakhala momasuka kamphepo kozizira kakukuwombani, ina mumatuluka malaya atanyowa kumsana. Kukhala kuti ndikupereka mamalikisi kwa zonse pamodzi ndikanati 4 pa 5, koma nambala imeneyo siikuthandizani chilichonse ngati simukudziwa kuti 5 ali pati ndipo 2 ali pati.

Ndiyambe ndi Victoria, ya buluu wowala ija, poti ndi yomwe imandinyamula m'mawa uliwonse kuchokera ku Walthamstow Central komanso ndi yomwe ndimaikonda kuposa zonse, sindibisa. Masiteshoni ake ndi 16 okha, kuyambira Walthamstow Central kumpoto mpaka Brixton kutsidya kwa mtsinje wa Thames. Inayamba kuyenda mu 1968, ku Brixton inafika mu 1971. Nthawi yomwe anthu akupita kuntchito ndi poweruka sitima zimadutsa 36 pa ola, kutanthauza kuti pamasekondi 100 aliwonse pafika ina, nde palibe chifukwa chothamangira pamasitepe kapena kupanikiza chikwama pachitseko, ikakusiyani mungopuma kawiri katatu magetsi a inayo aoneka kale. Zimatheka chonchi chifukwa kuyambira pachiyambi pomwe sitima za laini imeneyi zimadziyendetsa zokha, dalaivala alimo kutsogolo koma ntchito yake kwambiri ndi zitseko, kudina mabatani onyamukira ndi kuyang'anira, pomwe liwiro ndi mabuleki ndi makina, ndiye sitima zimatha kutsatana pafupipafupi osaopsezana.

Koma chomwe chimandisangalatsa kwambiri pa Victoria ndi nzeru zomwe anaika posinthira. Pa Oxford Circus mukafuna Bakerloo yopita mbali yomweyo simukwera masitepe ayi, mungotuluka m'sitima, kudutsa kakhonde kafupi, basi mwafika pa pulatifomu ina. Chimodzimodzi pa Finsbury Park ndi Piccadilly, pa Stockwell ndi Northern, pa Euston ndi nthambi ya Northern yodzera ku Bank. Amene anakonza zimenezi ankaganizira munthu wotopa yemwe wanyamula katundu, ndipo ine ndimawathokoza m'mawa uliwonse. Siteshoni iliyonse ilinso ndi chithunzi chake cha matailosi pakhoma kumbuyo kwa mabenchi, pa Blackhorse Road pali hatchi yakuda, pa Seven Sisters mitengo 7, pa Brixton mulu wa njerwa, moti ngakhale mutasinza n'kudzidzimuka mumadziwa pomwe muli musanawerenge dzina. Choipa chake nchakuti kuchokera kumapeto mpaka kumapeto dzuwa simuliona, yonse ili pansi, imatentha komanso imasokosa zedi pamene yathamanga, kulankhulana ndi mnzanu mpaka mukuwe.

Apa ndifotokoze kaye chinthu chomwe ine ndinachedwa kuchimvetsa koma chimamasulira pafupifupi madandaulo onse omwe mungamve okhudza Tube. Malainiwa ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi Metropolitan, District, Circle ndi Hammersmith & City, awa sali pansi kwenikweni, ankakumba msewu, kuyala njanji m'dzenjemo kenako n'kuvundikira pamwamba msewu n'kubwerera. Umu ndi momwe anamangira njanji yoyamba yeniyeni ya pansi pa nthaka padziko lonse, ya pakati pa Paddington ndi Farringdon, yomwe inatsegulidwa pa 10 January 1863, ndipo nthawi imeneyo zinali sitima za malasha zotulutsa utsi pansi pomwepo, tangoganizani. Chifukwa cha utsiwo anasiya mipata yambiri yotulukira mpweya, ngalande zakenso nzazikulu, nde lero malaini anayi amenewa ali ndi masitima akuluakulu okhala ndi makina oziziritsa, opanda zitseko pakati pa mabogi, mutha kuyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo kusaka mpando. Anayamba kubwera mu 2010 ndipo kunena zoona ndi abwino kwambiri. Mukapeza mpata imani pa Baker Street pa pulatifomu ya Circle ndi Hammersmith & City muyang'ane m'mwamba, njerwa zija ndi za nthawi ya 1863 yomweyo, ine ndimati ndikafikapo foni ndimaibweza m'thumba.

Gulu lachiwiri ndi malaini akuya, Northern, Central, Piccadilly, Bakerloo, Victoria, Jubilee ndi Waterloo & City. Awa anachita kuboola pansi penipeni mu dothi la makande la London, kuyambira mu 1890, mauna ozungulira ngati paipi, n'chifukwa chake dzina loti Tube. Unawo ndi wopapatiza, sitima imangokwana ndendende, denga lake ndi lokhota moti munthu wamtali akaima pafupi ndi chitseko amachita kuweramitsa khosi. Nde nkhani ya kutentha imachokera apa. Sitima ikamagwira mabuleki imatulutsa kutentha kochuluka, mainjini nawo, anthu nawo, ndipo kwa zaka zoposa 100 dothi lozungulira lija lakhala likumwa kutenthako mpaka lakhuta, silingalandirenso. Kuika makina oziziritsa m'sitima nakonso nkovuta chifukwa malo ndi ochepa komanso mpweya wotenthawo ukatuluka m'bogi upita kuti, ubwerera mu una momwemo. Sindikunena kuti ndiye tizingovomereza, koma mukadziwa chifukwa chake mumasiya kudabwa n'kuyamba kusankha njira mwanzeru. Mu July kapena August ngati pali njira ziwiri, ina ya District ina ya Central, tengani District ngakhale iwonjezere maminitsi 10, ndipo botolo la madzi lisasowe m'chikwama.

Central, yofiira ija, ndi yomwe anthu amaidandaula kwambiri pa kutentha ndipo sanama. Koma ndiyenera kuichitira chilungamo, imadula mzinda pakati penipeni kuchokera kumadzulo mpaka kum'mawa, Notting Hill Gate, Marble Arch, Bond Street, Oxford Circus, Tottenham Court Road, Holborn, St Paul's, Bank, Liverpool Street mpaka Stratford, imathamanga, ndipo ndi yaitali kuposa malaini onse, makilomita 74, West Ruislip uko mpaka Epping uko. Ndi laini yoti simungaipewe, mumangoipirira. Kum'mawa kupitirira Leytonstone imagawikana, nthambi ina imazungulira kudzera ku Hainault, nde muziwerenga kutsogolo kwa sitima ndi pa bolodi.

Pa nkhani yogawikanayi mfumu yake ndi Northern, yakuda ija, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe alendo ambiri amasochera. Dzina ndi limodzi, mtundu pa mapu ndi umodzi, koma pakati pa mzinda imadutsa njira ziwiri zosiyana, ina kudzera ku Charing Cross ina kudzera ku Bank. Kumpoto imagawikanso, ina ku Edgware ina ku High Barnet, ndi kanthambi kena kakafupi kopita ku Mill Hill East. Kumwera kuli Morden, ndipo kuyambira mu September 2021 kuli nthambi yatsopano ya Nine Elms ndi Battersea Power Station. Nde sikokwanira kudziwa kuti ndikupita kumwera, muyenera kudziwanso kuti kudzera kuti. Sabata yanga yoyamba ndinakwera pa Camden Town ndikufuna Leicester Square, ndinangoona kuti yalembedwa Morden n'kulowa, kuzindikira ndili pa Angel, nthambi ina. Palibe amene anandilakwira, pa bolodi panalembedwa poyera kuti via Bank, koma nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti mawu awiri amenewo ndiwo ofunika kuposa dzina la komwe sitima ikukathera. Nde gwirani ichi: Leicester Square, Tottenham Court Road, Embankment ndi Waterloo ndi nthambi ya Charing Cross, pomwe King's Cross, Angel, Old Street, Moorgate ndi London Bridge ndi nthambi ya Bank. Mukalakwitsa musade nkhawa, nthambi ziwirizi zimakumana pa Camden Town, pa Euston ndi pa Kennington, mutha kukonzera pamenepo. Maganizo anga ndi oti laini imeneyi ikanangopatsidwa mayina awiri ndi mitundu iwiri, anthu akanapepukidwa kwambiri.

District yobiriwira nayo ili ndi nthambi zambiri, Wimbledon, Richmond, Ealing Broadway, Upminster, Edgware Road, ndipo zonse zimakumana pa Earl's Court pomwe mumaona anthu ataima khosi m'mwamba kudikira bolodi liwauze kuti sitima yotsatira ikulowera kuti. Ili ndi masiteshoni 60, ochuluka kuposa laini ina iliyonse, imaima paliponse nde ndi yochedwa, koma ndi yomasuka. Circle yachikasu dzina lisakupusitseni, kuyambira mu December 2009 siizunguliranso mosalekeza, imachokera ku Hammersmith, kuzungulira kamodzi n'kukathera pa Edgware Road, nde nthawi zina mumayenera kutsika pamenepo kusintha sitima. Imabweranso patalipatali poyerekeza ndi malaini akuya aja, ngati District kapena Metropolitan ikupita komwe mukupitako kwerani yomwe yayamba kufika. Komanso dziwani kuti masiteshoni otchedwa Edgware Road alipo awiri osalumikizana pansi, ina ya Bakerloo ina ya Circle ndi anzake, mukapangana ndi munthu nenani kuti iti. Hammersmith & City ya pinki ndilibe nayo zambiri, mbali yaikulu imangoyenda pa njanji za anzake, imagwira ntchito yake basi.

Mapu aja tiwakambeko. Anawajambula Harry Beck mu 1931, anasindikizidwa mu 1933, ndipo nzeru yake inali yoti munthu ali pansi sasamala kuti msewu pamwambapo wakhota bwanji, amangofuna kudziwa siteshoni yotsatira ndi posinthira, nde anawongola mizere yonse, pakati pa mzinda n'kupatambasula, kunja n'kukupanikiza. Ndi mapu abwino kwabasi, mwana wa sukulu atha kuwawerenga. Koma pa mtunda amanama, ndipo bodza limeneli limadyera anthu nthawi ndi ndalama. Leicester Square kupita Covent Garden pa Piccadilly ndi mamita 260 okha, kutsika pansi, kudikira sitima, kenako kudikira chikepe potuluka kumatenga nthawi yambiri kuposa kungoyenda wapansi. Bayswater ndi Queensway pa mapu zili pa malaini osiyana ngati nkutali, chonsecho zili mumsewu umodzi, mukaima pakhomo la ina inayo mukutha kuyendako maminitsi awiri atatu. Charing Cross ndi Embankment nazonso zili pafupi kwambiri. Nde mu zoni 1, kutanthauza pakati pa mzinda, musanatsike pansi yang'anani kaye mapu a misewu pa foni, kawirikawiri miyendo imapambana.

Covent Garden yomweyo ndikuchenjezeni, ilibe masitepe oyenda okha, ndi zikepe basi, ndipo anthu akachuluka ena amati aaa bola ndikwere masitepe. Ndi 193, ozungulira, pakati palibe potulukira. Hampstead ndiye yakuya kuposa onse, mamita 58 pansi, masitepe ake othawira pakagwa ngozi ndi opitirira 300. Pa Angel pali esikaleta yaitali kuposa zonse pa Tube, mamita 61, mukaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba mutu umachita ngati ukuzungulira. Pa esikaleta iliyonse imani kumanja, kumanzere ndi kwa amene akuyenda, ili ndi lamulo lomwe anthu a ku London amalisunga kwambiri ndipo likasungidwa zoona anthu amayenda ngati madzi.

Masiteshoni okongola alipo ambiri ndipo ichi ndi chinthu chomwe sindinkayembekezera. Jubilee, yotuwa ija, gawo lake lomwe linatsegulidwa mu 1999 kuchokera ku Westminster mpaka Stratford lili ngati dziko lina. Westminster mkati mwake ndi dzenje lalikulu la konkire ndi mizati yachitsulo, maesikaleta akupingasana m'mwamba ndi pansi, kenako mukatuluka n'kukweza maso Big Ben ili pamutu panu pomwepo, tsiku loyamba ndinaima kaye ndithu. Canary Wharf anaimanga m'malo momwe kale munali doko la zombo, anapopa madzi, mapulani ake ndi a kampani ya Norman Foster, kuwala kumalowa kudzera padenga la galasi mpaka pansi, munthu umapuma bwino. Pa masiteshoni a pansi a gawo limeneli pali zitseko za galasi m'mphepete mwa pulatifomu zomwe zimatseguka sitima ikaima, kwa amene muli ndi ana ang'ono mtima umakhala m'malo. Kumbali ya zakale, mukaona nyumba ya matailosi ofiira moderako ngati magazi a ng'ombe, monga Russell Square, Covent Garden kapena Camden Town, mapulani ake ndi a Leslie Green, za cha m'ma 1906 ndi 1907. Kumapeto kwa Piccadilly kumpoto kuli Arnos Grove ndi Southgate, mapulani a Charles Holden, za m'ma 1930, zozungulira, Southgate usiku ikayaka imaoneka ngati chinthu chomwe changotera kuchokera kumwamba. Pa Tottenham Court Road makoma ali ndi timiyala tamitundumitundu ta waluso Eduardo Paolozzi. Zonsezi mumaziona ndi mtengo wa ulendo womwewo.

Pali siteshoni imodzi yomwe ndimaikonda pa chifukwa china. Mawu aja oti Mind the gap, ochenjeza za mpata wa pakati pa sitima ndi pulatifomu, pa Embankment pa pulatifomu ya Northern yopita kumpoto amamveka mosiyana ndi kwina konse, ndi mawu akale a bambo wina dzina lake Oswald Laurence. Iye atamwalira mkazi wake ankabwera pa siteshoniyo kudzakhala pa benchi kuti amveko mawu a mwamuna wake, kenako makina atasinthidwa mawuwo anachotsedwa, mayiwo anapempha, ndipo mu 2013 anawabwezeretsa. Ndikadutsapo ndimachotsa mahedifoni. Ndipo chenjezolo si lamwambo chabe ayi, pomwe pulatifomu ndi yokhota ngati pa Bank pa Central mpatawo ndi waukulu zoona, mwendo wa mwana utha kulowamo, mugwireni dzanja.

Bank yomweyo ndi siteshoni yomwe ndimaipewa ndikatha kutero. Yalumikizana pansi ndi Monument, muli Central, Northern, Waterloo & City, DLR (njanji ina ya sitima zing'onozing'ono, si ya Tube), District ndi Circle, makonde ake ndi aatali ndipo kusintha kwina kumakhala ulendo pawokha. Anamaliza kuikonza mu 2022 ndi 2023, pulatifomu yatsopano ya Northern ndi khomo latsopano ku Cannon Street, ndipo zasinthadi, koma ikadali malo oti mlendo wonyamula sutikesi asayambire pamenepo. Green Park nayo kusintha pakati pa Piccadilly ndi Jubilee ndi khonde lalitali. King's Cross St Pancras ili ndi malaini 6, kuposa siteshoni ina iliyonse, ndi yodzaza nthawi zonse koma zikwangwani zake nzomveka. Pamenepa ndi pomwe panachitika moto woopsa pa 18 November 1987, unayambira pansi pa esikaleta yamatabwa n'kupha anthu 31, ndipo kuchokera apo maesikaleta amatabwa anayamba kuchotsedwa, kusuta kunaletsedwa kotheratu paliponse. Mukaona ogwira ntchito atseka mageti kwa kanthawi kuti anthu asachuluke pa pulatifomu musakwiye, malamulo ambiri achitetezo pansi apo anabwera anthu atataya miyoyo.

Tsopano chomwe chimandipweteka mtima kwenikweni, chomwe chachotsa malikisi imodzi ija. Masiteshoni omwe munthu wa pa njinga ya olumala angalowe popanda masitepe ndi pafupifupi limodzi mwa magawo atatu basi. Ena onsewo ngati muli pa wilitcheya, kapena mukukankha mwana, kapena mawondo anatha, kapena mwanyamula masutikesi awiri, ndi mavuto. Ndaonapo kangapo mayi ataima pansi pa masitepe ndi kangolo ka mwana kudikira wina woti amugwirire mbali ina, ndipo inde anthu amathandiza, nanenso ndimathandiza, koma munthu sayenera kudalira chifundo cha odutsa kuti akafike kuchipatala kapena kuntchito. Ndikudziwa kuti kuboola chikepe mu siteshoni ya zaka zoposa 100 yomwe pamwamba pake pali nyumba za eni ndi ntchito yodula, koma liwiro lomwe zikusinthira ndi lochepa kwambiri kwa munthu yemwe akufunika kuyenda lero. Pa mapu yang'anani kachizindikiro ka wilitcheya, ka buluu ndiye kuti kuchokera mumsewu mpaka kulowa m'sitima palibe sitepe, koyera ndiye kuti mufika pa pulatifomu koma polowa m'sitima pangafunike thandizo. Zimbudzi nazonso, m'sitima mulibe, ndipo masiteshoni ambiri makamaka a pakati pa mzinda alibe, konzekeranitu musananyamuke.

China ndi chakuti Tube inakondera kumpoto kwa mtsinje. Pa masiteshoni 272 aja, omwe ali kumwera kwa Thames ndi ongopitirira 30 pang'ono, madera akuluakulu ngati Croydon, Bromley ndi Lewisham alibe siteshoni ya Tube ngakhale imodzi, amadalira sitima wamba, Overground, DLR kapena tiramu. Nde ngati mukusaka nyumba musangomva kuti ndi London basi, funsani kuti siteshoni yapafupi ndi ya laini iti, moyo wanu wa m'mawa uliwonse wagona pamenepo.

Kalipiridwe ndiye ndilibe nako dandaulo pa kaphweka kake, dandaulo lili pa mtengo chifukwa Tube si yotchipa. Musagule tikiti yapepala ya ulendo umodzi, ndi yodula kwambiri. Gwiritsani khadi la Oyster, lomwe lilipo kuyambira 2003, kapena khadi lanu la ku banki longogunditsa lija, zomwe zinayamba pa Tube mu 2014, kapenanso foni. Mumagunditsa pa kozungulira kachikasu polowa ndi potuluka, makina amawerengera okha malingana ndi mazoni omwe mwadutsa, alipo 1 mpaka 9, ndipo pali malire a patsiku, mukafika pamenepo maulendo otsalawo tsiku limenelo salipitsanso. Koma samalani zinthu ziwiri. Choyamba chomwe mwalowera chikhale chomwecho chotulukira, mukalowa ndi foni n'kutuluka ndi khadi, ngakhale akaunti ndi imodzi, makina amaona ngati anthu awiri omwe sanamalize maulendo awo ndipo aliyense amadulidwa mtengo wapamwamba. Chachiwiri masiteshoni ena akunja mageti amakhala otsegula kapena kulibe, gunditsanibe. Lolemba mpaka Lachisanu kuyambira 6:30 mpaka 9:30 m'mawa komanso 4 mpaka 7 madzulo mtengo umakwera, ngati ulendo wanu si wachangu dikirani pang'ono, mupezanso mpando. Ana osakwana zaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu yemwe walipira, mudutse nawo pa geti lalikulu lija.

Kwa amene mukutera pa Heathrow, Piccadilly ya buluu woderapo ndi yotchipa, imakufikitsani pakati pa mzinda pafupifupi ola limodzi, koma ndi sitima yaing'ono ya una ija ndipo ndi masutikesi nthawi ya m'mawa mudzavutika. Pobwerera ku bwalo la ndege werengani bwino chifukwa pa Acton Town imagawikana, ina imalowera ku Uxbridge, komanso ya Terminal 4 ndi ya Terminal 5 si imodzi. Njira ina ndi Elizabeth line, ya pepo ija, yomwe inatsegulidwa pa 24 May 2022. Mwalamulo siiwerengedwa m'gulu la malaini 11 aja ngakhale ili pa mapu ndipo khadi ndi lomwelo, koma abale, imeneyi ndi 5 pa 5. Masitima aatali mamita 200, ozizira, achete, masiteshoni otakasuka okhala ndi zikepe, mapulatifomu aatali mpaka siteshoni ya Liverpool Street mbali ina mumatulukira ku Moorgate. Kuchokera ku Heathrow imadula kuposa Piccadilly koma ndi katundu ine ndingalipire. Vuto lake ndi limodzi, mukaizolowera kubwerera pa Central kumawawa.

Bakerloo ya bulawuni ili ndi masitima a 1972, akale kuposa onse, amagwedera, magetsi amaphethira pena, mipando ina ndi yoyang'anizana ngati pabalaza, ndipo ngakhale ndikudziwa kuti akufunika kupuma ine ndimawakonda, mipando yake ndi yofewa. Waterloo & City ndi masiteshoni awiri okha, Waterloo ndi Bank, ya anthu a m'maofesi, pa wikendi siyenda.

Za nthawi, sitima zimayamba cha m'ma 5 m'mawa n'kusiya pakati pa usiku kupitirira pang'ono, Lamulungu zimayamba mochedwerapo. Usiku wa Lachisanu ndi Loweruka pali Night Tube, sitima zoyenda usiku wonse, yomwe inayamba mu 2016, pa Victoria, Central, Jubilee, Northern ndi Piccadilly, osati nthambi zonse, ndipo kwa anthu a mashifiti ausiku ndi chipulumutso chenicheni. Pa wikendi kawirikawiri zigawo zina amatseka kuti akonze njanji, masitiraka nawo amachitika nthawi zina ndipo amalengezedwa pasadakhale, nde chizolowezi chabwino ndi kuyang'ana pa foni apu ya TfL Go kapena Citymapper musanatuluke m'nyumba. Netiweki ya foni pansi ikufalikira pang'onopang'ono, mbali zina ilipo mbali zina mulibe, musadalire kuti mukafufuza njira muli kale mu una. Mowa wotsegula ndi woletsedwa kuyambira 2008. Ogwira ntchito pa mageti ine ndawapeza othandiza nthawi zonse, mukawafunsa amakuuzani ndi pulatifomu yomwe, ena mpaka bogi yoti mukwere kuti mukatsikire pafupi ndi potulukira.

Anthu ambiri sadziwa kuti kuposa theka la njanji ya Tube lili pamtunda, osati pansi. Loweruka lina ndinakwera Metropolitan pa Baker Street mpaka kumapeto kwake ku Chesham, zoni 9, kunja kwa London kwenikweni m'chigawo cha Buckinghamshire, ulendo wa pafupifupi ola. Kupitirira Finchley Road mwatuluka kale padzuwa, Wembley Park bwalo la mpira likuonekera pawindo, Harrow-on-the-Hill, kenako nyumba zimayamba kuchepa mitengo n'kuchuluka. Kuchokera pa Chalfont & Latimer kukafika Chesham ndi makilomita opitirira 6 osaima, mtunda wautali kuposa wina uliwonse pakati pa masiteshoni awiri pa Tube, njanji imodzi yokha ikudutsa m'nkhalango ndi m'minda, m'bogi tinatsala anthu owerengeka. Kasiteshoni kake ndi ka 1889, kali ndi kadimba ka maluwa pambali pa pulatifomu, ndipo chizindikiro cha Tube chofiira ndi buluu chili pomwepo chimodzimodzi ngati pa Oxford Circus. Sitima za ku Chesham zimabwera pa theka lililonse la ola, nde mukatsika onani kaye nthawi ya yobwerera musanalowe m'tauni.